Nthambi ya Mkuyu pa Mphambano

Iyi si ya padangokhala, ndiye musavutike ndi kuyankha kuti tili tonse. Ingokhalani chete mumve, chifukwa ndikaima pakati sindidzayambiranso.

Pamtundu pathu amandidziwa kuti Delifina saiwala. Ndimadziwa amene anabwereka khasu osabweza, amene sanabwere pamaliro a mwana wanga woyamba, ndi amene anabwera koma n'kungodya. Abale akakangana amathamangira kwa ine kuti ndiwakumbutse amene anayamba. Koma pali mlandu umodzi umene ndakhala ndikuulumpha zaka zonsezi, ndipo ndi wanga.

Ndinabadwira kutsidya kwa malire, kuseri kwa mapiri a Tsangano. Nkhondo inandipeza ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ana a masiku ano mukamva nkhondo mumaganiza za phokoso. Imene ndikuikumbukira ine inali ya zii. M'mudzi mwathu munalibe tambala, tinadya onse chifukwa cholira. Agalu anawapha. Mtondo tinaukwirira m'dzenje mpaka m'khosi, n'kuukulunga ndi masaka, kuti kusinja kusamveke patali. Amayi ankaphika kusanache kuti utsi usakanikirane ndi nkhungu. Phada tinkasewera ndithu, koma osaimba, osakuwa. Ukapambana unkangomutulutsira mnzako lilime. Dzuwa likapendeka tinkasenza mitolo yathu kupita kukhwawa kukagona m'mabango, m'mawa n'kubwerera kudzaona ngati nyumba zikadalipo.

Amfutiwo sitinkawafunsa kuti ndi a mbali iti. Ankabwera, ankatenga, ndipo akafuna munthu wowanyamulira katundu ankangoloza chala.

Chimene chinkatisautsa kuposa njala chinali mchere. Mwezi wathunthu ndiwo zozizira, mpaka lilime kuiwala ntchito yake. Mchere unali ku Malawi kuno, ndipo wolimba mtima wopita kukautenga anali amayi aang'ono, a Kiteriya, mng'ono wawo wa amayi anga. Amayi ndi amene anawalera agogo atamwalira, choncho ankawaona ngati mwana wawo woyamba. Anali munthu wamtali, wamacheza. Ankasenza nyemba m'dengu kukasinthitsa ndi mchere, ndipo dengu lawolo linali lakale, lolira. Akamalitula linkati kwee, ngati chitseko cha nsungwi. Ine ankanditcha Kamimba, chifukwa ndinali ndi kamimba kotuluka ndi miyendo ngati ya udzudzu.

Tinali ndi njira yathu yochenjezerana. Kunja kwa mudzi kunali mphambano, pansi pa mkuyu waukulu. Njira ina inkalowa m'mudzi, ina inkatsikira kukhwawa. Amfuti akabwera wina wathu ali paulendo, tinkathyola nthambi ya mkuyu n'kuigoneka mopingasa panjira ya kumudzi. Inkafunika yaiwisi, ya masamba, yotuluka utomoni, chifukwa youma imatha kugwa yokha. Wobwera akaiona ankadziwa kuti asalowe, atsikire kukhwawa. Tinathyola kambirimbiri mpaka nthambi zam'munsi zinatha. Pofuna ina munthu ankachita kukwera.

M'mawa wa tsiku lija amayi aang'ono anandigwira khutu akumanga nkhata.

"Kamimba, ndikubweretsere chiyani?"

"Suwiti."

"Suwiti! Mwamva, achemwali? Dziko likupsa, mwana wanu akufuna suwiti. Ndikubweretsera mwala wa mchere, uzinyambita ngati mbuzi."

Anaseka atagwira pakamwa, monga tinkasekera tonse masiku amenewo. Kenako anatembenukira kwa mkulu wanga Benta, amene anali ndi zaka khumi ndi zinayi.

"Iwe wamiyendo italiitali, zikavuta unditsekere njira. Usanditsekere ndi kaudzu."

"Nditseka, amayi aang'ono."

Tsono ine ndinali ndi chinsinsi. Mbuzi yathu yomaliza anaitenga amfuti, n'kusiya kamwana kake, koyera, ka banga lakuda pamphumi. Kankalira kwambiri, ndiye amayi anati kaphedwe. Ine ndinanama kuti kathawa. Ndinakamangirira m'dzenje lakale lokumbamo dothi la mbiya, pafupi ndi mphambano ija, ndipo ndinkakapititsira masamba mozemba.

Amfuti analowa dzuwa lili paliwombo. Tinathawira kukhwawa, wina ndi poto, wina ndi mwana, wina chimanjamanja. Amayi anatuma Benta kumphambano. Anabwerako akupuma wefuwefu, miyendo itakalikakalika, m'manja muli utomoni.

"Watseka?"

"Ndatseka, amayi."

Dzuwa litapendeka ndinakumbukira kuti kambuzi sikanadye chichokereni dzulo. Ndinati kakamva njala kalira. Ndinachoka ngati ndikupita kukadzithandiza. Chinali chilimwe, tchire lonse litapsa, kopanda ndi tsamba lomwe. Chobiriwira chokha chinali nthambi ya Benta, ili gone panjira. Mumtengo sindikanafikira. Ndinati kadyeko masamba awiri atatu, ndibweza pompano.

Ndili m'dzenjemo ndinamva kwee.

Ndinasuzumira. Amayi aang'ono anali atatula dengu pamphambano kuti akonze nkhata. Anayang'ana pansi, panjira ya kumudzi. Anayang'ana m'mwamba mumkuyu. Anayang'ananso pansi. Anali pafupi moti ndikanangotsokomola akanacheuka. Koma nthambi inali m'manja mwanga, itadyedwa mbali imodzi. Ndinaganiza za ndodo ya amayi. Ndinaganiza za mpeni pakhosi pa kambuzi. Ndinati ndidikire pang'ono, ndipeze kaye chonena. Dzanja langa linali litatseka kukamwa kwa kambuzi kuti kasalire.

Anasenza dengu lawo n'kulowa m'mudzi.

Sindinamve mfuti. Sindinamve kukuwa. Mpaka lero ndimalakalaka ndikanamvako kanthu.

M'mawa mwake tinakwera kumudzi. Nyumba zitatu zinali phulusa. Amayi aang'ono panalibe, dengu panalibe. Panali kamzere ka mchere pansi, kuyambira pabwalo kulowera kumapiri, ngati thumba linabooka ali kuyenda. Azimayi anagwada n'kuyamba kuwola mcherewo ndi mchenga womwe, kumapeta m'lichero. Musawaseke. Aliyense ankalira, koma aliyense ankawola.

Amayi sanawole nawo. Anamugwira Benta padzanja mpaka kumphambano. Ine ndinkatsatira pambuyo.

"Nthambi ili kuti?"

"Ndinaika apa, amayi. Apa penipeni."

"Ndiye inauluka?"

"Onani manja angawa, utomoni sunachoke."

"Utomoni ndauona. Unakwera, unathyola, unamva mantha, unaitaya patchire n'kuthawa."

"Ayi, amayi! Ndinatseka!"

Sanamumenye. Zikanakhala bwino akanamumenya. Tsiku limenelo ndiwo zinali ndi mchere koyamba patapita mwezi. Amayi anayamba apakula za Benta pambali, kenako n'kuthira mchere m'zotsalazo.

"Mchere uwu ndi wa mng'ono wanga," anatero. "Iwe sulawa."

Ine ndinadya. Ndinanyambita ndi zala zomwe.

Patapita masiku awiri ndinazembera kudzenje kuja. Chingwe chinalipo, mfundo yake yosamasuka, chibowo cha khosi chili chomwecho. Kambuzi kanalibemo. Nthambi inalibemo. Panalibe magazi, panalibe phazi la fisi. Ndinathawa osacheuka.

Ndiye zinayamba za kukhwawa. Kukamachita chisisira, titangoyala mphasa m'mabango, tinkamva munthu akutsika njira ya kumphambano. Mapazi olemera, a munthu wosenza. Ankafika pamene mabango ayambira n'kuima. Kenako kwee. Sindinkamva ndekha ayi, tonse tinkamva. Azimayi ankakumbatira ana awo, wina n'kumanong'ona mapemphero. Amayi ankadzambatuka.

"Kiteriya? Kiteriya, ndiwe?"

Zii. Patapita nthawi, kwee kachiwiri, ndipo mapazi aja ankabwerera kumtunda pang'onopang'ono. M'mawa tikakayang'ana, pafumbi pankaoneka pozungulira pamene panakhala dengu, koma phazi la munthu ayi. Anthu anayamba kuyala mphasa zawo kutali ndi Benta.

Mvula isanagwe tinawoloka malire. Kukampu ya othawa nkhondo ankatipatsa ufa, nandolo, ndi mchere wokwanira, koma Benta sanaulawenso. Ankadzipakulira yekha ndiwo zisanathiridwe. Amayi sanamutchulenso dzina, ankangoti "uyo". Amayiwo anamwalira chaka chimene anthu ankabwerera kwawo, ali m'manja mwanga, akunditcha mwana wabwino.

Ine ndinakwatiwa konkuno, ndinabereka, ndinamanga ya njerwa. Benta ukwati unamukanika. Ankakhala yekha m'mudzi wa kuseri uko, kulima maganyu. Madzulo aliwonse ankathyola kanthambi n'kukagoneka pakhomo pake, kenako n'kubwerera kukaona ngati kakadalipo, kawiri, katatu. Ana ankamuthamangira akukuwa kuti, "A Nanthambi! A Nanthambi!" Ena mwa inu munakuwa nawo, ndikukudziwani. Ine chaka ndi chaka ndinkamutumizira chimanga, anthu n'kumati Delifina ndi wachifundo, sataya mbale wake.

Chilimwe chathachi Benta anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinamutengera kwathu, tizimusamala ndi mwana wanga Malita. Tinamugoneka m'chipinda cha kutsogolo. Kuyenda sankatha, kulankhula ankachita kukoka.

Sabata isanathe Malita anabwera ndi botolo la mchere.

"Amayi, mwathiramo madzi umu?"

"Ndapenga ine?"

"Taonani, wanyowa wonse. Dzuwa lonseli!"

Tinagula wina. M'mawa mwake unali utanyowanso.

Kenako tsiku lina ndikutsegula chitseko kuti ndikasese, ndinapunthwa. Pakhomo panali nthambi, yogonekedwa mopingasa. Ya mkuyu, yaiwisi, utomoni ukadali kudontha. Masamba a mbali imodzi anali odyedwa.

Malita anaitola n'kuitembenuza. "Kuno mkuyu uli kuti? Si kumtsinje kokha? Kapena ndi amayi aakulu ndi nthambi zawo zija?"

"Munthu wosatha kudzitembenuza pamphasa?"

"Ndiye ndani? Tikaitane abusa?"

"Ndi ana achipongwe. Bweretsa kuno."

Ndinaiponya m'chimbudzi. M'mawa mwake panali ina. Ndinayamba kudzuka anthu onse asanadzuke kuti ndizichotsa Malita asanaone. Taganizani, mayi wa imvi, kubwereza ntchito yomweyo imene ndinagwira ndili mwana.

Tsiku lina Malita anabwera kuchokera kuchigayo, n'kutula ufa osalankhula. Si khalidwe lake.

"Watani?"

"Ndakumana ndi mayi wina pamphambano ya kuchigayo. Wamtali, wasenza dengu. Wangoima, akuyang'ana pansi. Ndamupatsa moni sanayankhe, wangoti, 'Mwanawe, ndilowe?' Ine ndati, 'Mulowe kuti, mayi? Uwu ndi msewu wa aliyense.'"

"Nkhope yake ndi yotani?"

"Mukudziwa, amayi? Ndamuyang'ana ndithu. Koma ndikati ndikumbukire, ndikungoona dengu."

Patapita masiku atatu mayi woyandikana nafe anamuona pamphambano ya kutchalitchi. Ankayandikira. Kenako Malita anamupeza pamjigo, apa pokha, poti ukakuwa pakhomo amamva.

"Mayi uja ndamuonanso. Akuti akufuna kwa Kamimba. Ndamuuza kuti kuno kulibe Kamimba. Dzina lanji limenelo, la galu?"

Mbale imene ndinkatsuka inagwa. Dzina limenelo palibe analitchulapo chiwolokereni malire. Ngakhale malemu bambo ake a Malita sankalidziwa.

Madzulo a tsiku lomwelo, kukuchita chisisira, ndinali kumwetsa Benta phala lake lopanda mchere. Malita anali kukhitchini. Nkhuku zinali zitalowa. Ndinamva mapazi akubwera kuchokera kumjigo, olemera, osafulumira. Anadutsa pakhola. Anafika pabwalo n'kuima.

Kwee.

Ndinatapa phala lina ngati sindinamve.

"Delifina," anatero Benta. "Wamva?"

"Ndi mphepo, achemwali."

"Mphepo situla dengu."

Iye anayang'ana kudenga, diso limodzi likutuluka misozi, lina louma.

"Abwera kudzandifunsa. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti ndinatseka. Koma masiku ano ndikatsinzina, ndimadziona ndikukwera, ndimadziona ndikuthyola. Ndikati ndione nthambi ili pansi panjira, sindiiona. Mwina amayi ankanena zoona. Mwina ndinaitaya. Tsegula chitseko. Ndiwapepese pakamwa pakadagwira ntchito."

Ndinapirira kumuona akudya zozizira zaka makumi anayi. Ndinapirira kumva ana akumukuwiza. Koma kumva iye mwini akuvomera mlandu wanga, kufuna kupita nawo kumanda, pamenepo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinaika mbale pansi, ndinagwada pambali pa mphasa, ndipo ndinamuuza zonse. Dzenje, nthambi, dzanja langa pakamwa pa kambuzi.

Panja panali chete, koma chete wa munthu amene akumvetsera.

"Kambuzi," anatero Benta.

"Inde."

"Koyera kaja."

"Inde, achemwali."

"Unati kathawa. Ndinakuthandiza kukafunafuna tsiku lonse."

"Ndinali mwana, achemwali."

"Tsiku lija unali mwana. Pamene amayi ankamwalira unali ndi wako kumbuyo. Unakhala nawo pamphasa masiku atatu. Ine ankandibweza pakhomo."

Ndinati ndimugwire dzanja. Analikoka, lamoyo lija.

"Usandigwadire ine. Wakudikira ali panjapo. Tuluka ukanene chimene unayenera kunena."

Ndinatsegula chitseko. Kunja kunali utsi wa moto wa tchire, wotuwa, wonunkha ngati chilimwe chija. Chapafupi ndi nkhokwe panali choimirira, chachitali, chakuda kuposa chisisira chomwe. Sindinakweze maso. Ndinangoona m'munsi, nsalu yothothoka, ndi chinthu chozungulira chili pambali pake. Mutu unali woweramira pansi, ngati munthu wofunafuna kanthu panjira.

Poyamba mawu anatuluka a manong'onong'o, monga tinkalankhulira kukhwawa. Ndinayesanso. Ndinakuwa ndi mawu onse amene ndinawabisa m'dzenje muja.

"Amayi aang'ono! Musalowe! M'mudzimo muli amfuti! Benta anatseka, nthambi ndachotsa ndine, ine Kamimba! Tsikirani kukhwawa!"

Malita anatuluka m'khitchini mthiko uli m'manja. Oyandikana nafe anatsegula zitseko. Onse anamva, ndipo ndinabwereza kachiwiri kuti asadzanene kuti sanamvetse.

Panapita kanthawi. Kenako kwee. Mapazi aja anatembenuka, osalowera kumjigo kumene anachokera, koma kumunsi, kudambo. Tinawamvetsera mpaka anazimiririka.

"Amayi," anatero Malita, "mumalankhula ndi ndani?"

"Lowa ukawafunse amayi ako aakulu. Iwo ndi amene sananamepo."

M'mawa pakhomo panalibe nthambi. Panali kamulu ka mchere wosakanikirana ndi mchenga, kodzaza dzanja limodzi. Pambali pake, payekha, panali mwala wa mchere waukulu ngati chala chachikulu.

Malita anatenga tsache. Benta anamva kukwecha ali m'chipinda.

"Usasese! Bweretsa lichero."

Malita anapeta mcherewo pamaso pake, mchenga n'kuutaya. Benta anauyang'anitsitsa, kenako anati, "Phala."

Ndinathamanga kukaphika. Nditabwera nalo ndinatapa mchere uja kuti ndithire.

"Athire Malita," anatero, osandiyang'ana. "Dzanja lako ayi."

Malita anathira, anatakasa, anamumwetsa. Supuni yoyamba Benta anaisunga m'kamwa nthawi yaitali, maso atatsinzina. Anamaliza mbale yonse. Kenako anati, "Unali wotere, eti? Ndinali nditaiwala."

Benta anakhala ndi moyo masiku ena khumi ndi limodzi. Ankacheza ndi Malita, ankaseka ndi oyandikana nafe amene anayamba kubwera ndi nkhope zamanyazi. Kwa ine sanalankhulenso. Ndikalowa ankatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo ndinkatuluka, chifukwa kunali kuyenera kwake. Anamwalira m'manja mwa Malita.

Mwala wa mchere uja ndinaumanga pakansalu, uli pansi pa sutikesi. Ndikudziwa kuti ndi wanga, anandilonjeza. Sindinaunyambite, ndipo sindikudziwa ngati anaubweretsa mondikhululukira kapena mondikumbutsa. Dzuwa liwale chotani, ndikaugwira umakhala wonyowa.

Yanga yathera pamenepa, mbatata zanu mukaphule nokha. Koma dzina lija la Nanthambi ndisadzalimvenso pakamwa pa mwana aliyense wa mtundu uno. Dzina lake anali Benta. Anatumidwa, anakwera, anathyola, ndipo anatseka.